Kukonza ulendo wa pagulu wa njinga zamoto m'mapiri ndi m'minda ya mphesa ya ku Western Cape

Ulendo wa njinga zamoto m'dera la vinyo umakonzedwa kuyambira kumapeto kwa tsiku. Musanayang'ane n'komwe mapu, gwirizanani nthawi imene njinga zizizimitsidwa ndi malo amene zizigona. Vinyo amabwera makiyi atalowa m'thumba. Gulu likasokoneza dongosolo limeneli, n'kumalawa vinyo masana kenaka n'kukwera phiri, misewu yokongola yomweyo ndi imene imavulaza anthu. Zonse zimene zili m'munsimu zatsamira pa mfundo imeneyi.

Dera limene tikunena ndi la Western Cape ku South Africa, kuchokera ku Cape Town, kudutsa Stellenbosch ndi Franschhoek, kulowa msewu wa R62 mpaka ku Oudtshoorn, n'kubwerera cha kunyanja. Ndi masiku asanu ndi limodzi, makilomita pafupifupi 1,250. Kwa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe amene akukhala ku Cape Town, mapiri amenewa ali pakhomo penipeni. Kwa wochokera kumudzi, chabwino n'chakuti amayendanso kumanzere ngati kwathu.

Nyengo yoyenera

Mvula ya ku Cape imagwa nthawi yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, osati Disembala ngati kwathu. Miyezi imeneyo misewu ya m'mapiri imakhala yonyowa, nkhungu imatseka pamwamba, ndipo mapiri a kufupi ndi Ceres amagwa chipale. Disembala mpaka Febuluwale vuto limakhala lina: ku Klein Karoo, kumene kuli Ladismith, Calitzdorp ndi Oudtshoorn, kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, pamene kufupi ndi nyanja kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni dera amaitcha Cape Doctor. Mphepo imeneyi imakankha njinga cham'mbali, makamaka pa Sir Lowry's Pass ndi pa Clarence Drive.

Choncho sankhani kumapeto kwa Malichi mpaka Meyi, kapena Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Epulo ndi wabwino koposa chifukwa mphepo imakhala itachepa ndipo masamba a mphesa amakhala akusanduka ofiira ndi achikasu. Mukayenda pakati pa Januwale ndi Malichi, dziwani kuti ndi nthawi yokolola: mathirakitala okoka ngolo za mphesa amatuluka m'minda pang'onopang'ono, ndipo madzi a mphesa odontha pa phula amaterera.

Mapepala ndi njinga

Njinga yoposa 125cc imafuna laisensi ya Code A. Ya A1 ndi ya njinga zing'onozing'ono, ndipo obwereketsa njinga zikuluzikulu sangakupatseni nayo. Laisensi yakunja imaloledwa ngati ili m'Chingerezi, ili ndi chithunzi chanu ndipo sinathe nthawi, komabe funsani obwereketsawo musanalipire, chifukwa ena amafunanso laisensi yoyendera maiko onse ndi zaka zina zakubadwa. Lamulo likufuna helemeti kwa woyendetsa ndi wokwezedwa, ndiponso nyali yakutsogolo iziyaka usana ndi usiku. Liwiro ndi 60 m'tauni, 100 m'misewu ya kunja kwa tauni, 120 m'misewu ikuluikulu, pokhapokha chikwangwani chitanena zina.

Pobwereka njinga pali mafunso atatu amene amaiwalika, anthu n'kudzalira pobweza. Loyamba: ikagwa, ndi ndalama zingati zimene mudzalipire nokha inshuwalansi isanayambe kulipira? Lachiwiri: kodi pangano likuloleza msewu wafumbi? Tsiku lachinayi pali Swartberg Pass, ndipo njinga ikawonongekera pamsewu umene pangano likuletsa, mtolo wonse ndi wanu. Lachitatu: kodi pali malire a makilomita patsiku? Musanachoke jambulani njinga mbali zonse, makamaka kumapeto kwa mahandulo, zogwirira buleki ndi kilatchi, ekizozi ndi mabokosi am'mbali, chifukwa ndi mmene mumaonekera kuti njinga inagwapo kale.

Musatenge njinga yaikulu chifukwa anzanu atenga zazikulu. Amene anazolowera njinga ya 125cc kapena 150cc, monga zija za kabaza, akakwera ya 1200cc yolemera makilogalamu oposa 240 amaigwetsa ataima, pomwetsera mafuta kapena potembenuka pamalo otsetsereka. Njinga ya pakati pa 500cc ndi 850cc ndi yokwanira ulendo wonsewu. Khalani pampando muone ngati mapazi onse akufika pansi.

Ngati njinga ndi yanu, ioneni kutatsala sabata imodzi kuti pakhale nthawi yogula zofunika. Lamulo limalola mizere ya tayala yakuya milimita imodzi, koma musayambe ulendo wotere ndi tayala lochepera mamilimita atatu, chifukwa phula lotentha ndi katundu zimadya tayala lakumbuyo msanga. Mpweya uyesedwe matayala ali ozizira, m'mawa uliwonse. Njinga zambiri zikuluzikulu zimafuna pafupifupi 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo zikanyamula, koma nambala yoona ili m'buku la njingayo kapena pa chomata cha pafupi ndi tcheni. Tcheni chisalimbe kwambiri: chiyenera kusewera pang'ono pakati, kawirikawiri masentimita awiri ndi theka mpaka atatu ndi theka pa njinga za pa phula, ndipo chipakidwe mafuta pa makilomita 500 aliwonse, madzulo chikadali chofunda. Mapadi a buleki akatsala mamilimita awiri, sinthani. Mafuta a buleki akapitirira zaka ziwiri asinthidwenso, chifukwa amayamwa chinyezi, ndipo pa mtsetse wautali chinyezicho chimawira, chogwirira n'kufewa mpaka kukhudza handulo njinga isakuima.

Wokweza mnzake kumbuyo alimbitse sipuling'i yakumbuyo monga buku likunenera. Akapanda kutero njinga imakhala pansi kumbuyo, kutsogolo n'kupepuka, ndipo pakona imakana kukhota.

Gulu ndi mayendedwe ake

Njinga zisanu ndi imodzi mpaka zisanu ndi zitatu ndiye gulu loyendetseka. Mukapitirira khumi gawanani pawiri, magulu asiyane ndi mphindi khumi. Pakhale wotsogolera amene akudziwa njira, ndi wotsalira kumbuyo amene ndi katswiri ngati wotsogolerayo kapena kuposa. Wakumbuyo sapitirira munthu aliyense, ndipo ndi amene amanyamula zida zokonzera ndi bokosi la chithandizo choyamba. Amene sanazolowere ayende wachiwiri kapena wachitatu. Kumuika kumbuyo n'kulakwa kwakukulu, chifukwa gulu limatambasuka ngati lamba: wotsogolera akawonjezera liwiro pang'ono potuluka pakona, womaliza amayenera kuthamanga kwambiri kuti awapeze, ndipo apo ndi pamene munthu amalowa kona ndi liwiro limene sangalikwanitse.

Pamsewu wowongoka yendani mopingasa. Wotsogolera akhale cha kumanja kwa mbali yanu ya msewu, pafupi ndi mzere wapakati, wachiwiri cha kumanzere, wachitatu kumanja, motero. Musiye masekondi awiri pakati pa inu ndi njinga imene ili kutsogolo kwanu mzere umodzi, ndi sekondi imodzi kwa imene ili cham'mbali. Powerenga sankhani chikwangwani: mnzanu akachidutsa, werengani mpaka inu mutachidutsa. Makona akayamba, kupingasa kuthe. Aliyense atenge mbali yonse ya msewu, mmodzimmodzi, motalikirana masekondi atatu kapena kuposa.

Kuti wina asathamangire kuopa kusochera, gwiritsani ntchito njira yosiya munthu pamphambano. Wotsogolera akakhota, amaloza pansi, ndipo amene ali pambuyo pake amaima pamalo oonekera bwino, indiketa ikuyaka, kuonetsa njira. Amakhala pomwepo mpaka wakumbuyo atafika, ngakhale patapita mphindi makumi awiri, kenaka amalowa kutsogolo kwa wakumbuyoyo. Njira imeneyi imafa ngati munthu mmodzi atopa kudikira n'kunyamuka, choncho inenedwe momveka m'mawa uliwonse. Pamsonkhano wa m'mawawo, wa mphindi zisanu, tchulaninso pomwetsera mafuta potsatira, poima potsatira, ndi zizindikiro za manja: kuloza thanki ndiye kuti mafuta achepa, kutambasula phazi ndiye kuti pansi pali mchenga kapena dzenje mbali imeneyo, chala chimodzi m'mwamba ndiye kuti mzere umodzi.

Podutsa galimoto aliyense adzionere yekha. Musatsatire mnzanu chifukwa iye wadutsa. Mpata umene unamukwanira iye watha kale. Wodutsa apitirire patsogolo ndithu kuti asiye malo olowa anzake.

Ngati n'kotheka pakhale galimoto yotsatira, makamaka pikapu yokhala ndi thabwa lokwezera njinga ndi zingwe zinayi zomangira. Imanyamula zikwama, madzi, mabotolo a vinyo amene mwagula, ndiponso munthu amene watopa kapena wadwala. Mtengo wa mafuta ake ugawidwe kwa onse kuyambira pachiyambi kuti pasadzakhale kung'ung'udza.

Mmene kona ya m'phiri imalowedwera

Amene anatsikapo msewu wa Golomoti kuchokera ku Dedza, kapena wa ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, akudziwa kale mtundu wa makona amenewa. Chepetsani liwiro njinga ikadali chilili, musanayambe kupendeka. Tsitsani giya kuti injini izigwira. Tembenuzani mutu wonse, osati maso okha, kuyang'ana kumene kona ikuthera. Mukaona potulukira, onjezerani moto pang'onopang'ono.

Pakona yokhotera kumanja khalani cha kumanzere mpaka mutaona kutsogolo. Mukayandikira mzere wapakati msanga, matayala amakhala mbali yanu koma mutu ndi phewa zili mbali ya galimoto zobwera. Pakona yokhotera kumanzere yambirani chapakati kuti muone patali, koma musiye mpata, chifukwa mabasi a alendo ndi malole amadula makona.

Ngozi yofala m'mapiri imachitika chonchi: munthu waona kuti walowa mothamanga, mantha amugwira, maso akakamira pa mwala kapena pa phompho limene akuliopa, ndipo njinga imapita kumene maso ali. Mankhwala ake n'kuchotsa maso pamenepo mwadala, kuyang'ana potulukira, n'kukankha handulo ya mbali imene mukukhotera. Njinga imatha kupendeka kwambiri kuposa mmene woyendetsa wamba amaganizira. Kufinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi muli chipendekere kumaimitsa njinga chilili, n'kukutulutsani kunja kwa kona.

Potsika, musatsamire buleki njira yonse. Giya yachiwiri kapena yachitatu igwire njinga, buleki muziigwira mwamphamvu kwakanthawi n'kuisiya kuti izizire.

Vinyo

Lamulo la South Africa limaika malire pa magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Gulu lanu liike pa ziro. Njinga imafuna kukhazikika kwa thupi ndi maso akuthwa kuposa galimoto, ndipo zimenezi ndi zimene mowa umayamba kuwononga munthu asanamve kuti waledzera. Pamalo olawitsa vinyo amathira mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, pang'onopang'ono, koma mukayendera minda iwiri mwamwa kale matambula atatu kapena kuposa. Thupi limachotsa pafupifupi tambula imodzi yaing'ono pa ola, ndipo khofi, madzi kapena chakudya sizifulumizitsa zimenezi. Chotero amene wamwa mpaka pakati pa usiku akhoza kudzuka mowa ukadali m'magazi. Gwirizanani kuti kumwa kuzitha 9 koloko usiku, kunyamuka 8 koloko m'mawa.

Malo ogona asankhidwe oti mungayende wapansi kupita kodyera ndi kolawira, kapena oti galimoto ingakutengeni. Funsaninso ngati pali poimika njinga potsekedwa. Masana mukaima pamunda wa mphesa kuti mudye, ambiri amagulitsa madzi a mphesa osawira. Gulani botolo la vinyo amene mwamufuna, lilowe m'galimoto, mukatsegule madzulo. Botolo lisakhale m'bokosi la njinga padzuwa, chifukwa kutentha kumawononga vinyo ndipo kumatha kukankha chotsekera.

Tsiku loyamba: Cape Town, Stellenbosch, Franschhoek

Tsikuli ndi lalifupi mwadala, makilomita pafupifupi 130, kuti aliyense azolowere njinga ndipo wotsogolera aone mayendedwe a munthu aliyense. Tulukani mu mzinda 9 koloko itadutsa, magalimoto a kuntchito atachepa. Stellenbosch ili pa makilomita 50. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1679 ndi Simon van der Stel, ndipo pa yunivesite yake ndi pamene Abraham Perold mu 1925 anakwatitsa mphesa za Pinot noir ndi Cinsaut n'kupeza Pinotage, vinyo wofiira amene South Africa imadziwika naye. Kuchoka apo R310 imakwera Helshoogte Pass, yotakata ndi yosavuta, yabwino kuyeserapo mzere umodzi, n'kutsikira ku Pniel, kenaka R45 mpaka ku Franschhoek.

Siyani katundu, mukwere Franschhoek Pass njinga zili zopepuka. Mbali ya kutauni ili ndi makona okhota ngati chigongono, ndipo pamwamba pali poimikapo pamene chigwa chonse chimaoneka, mizere ya mphesa ndi nyumba zoyera za madenga a udzu. Mbali inayo imatsikira ku damu la Theewaterskloof, lalikulu koposa mwa madamu amene amamwetsa Cape Town, ndipo imadutsa pa mlatho wamiyala wa Jan Joubertsgat wa m'ma 1820. Loweruka ndi Lamlungu msewuwu umadzaza ndi othamangitsa njinga ndi magalimoto, choncho konzani kuti tsikuli likhale la mkati mwa sabata. Pali anyani. Musawadyetse, ndipo musasiye chikwama chotsegula pa thanki. Pofika 2 koloko njinga zikhale zitaima. Chigwachi munakhazikika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo mu 1688, n'chifukwa chake minda yambiri ili ndi maina a Chifalansa, ndipo Franschhoek Wine Tram, kasitima ndi mabasi a alendo, imazungulitsa anthu m'mindamo popanda munthu kuyendetsa yekha.

Tsiku lachiwiri: Bain's Kloof mpaka ku Montagu

Makilomita pafupifupi 190. Pitani ku Wellington kudzera ku Paarl, mumwetse mafuta, mulowe R301. Bain's Kloof Pass anaimanga Andrew Geddes Bain ndi akaidi, n'kuitsegula mu 1853, ndipo m'lifupi mwake simunasinthe kwenikweni. Mbali ya kumpoto msewu unasemedwa m'thanthwe pamwamba pa mtsinje wa Witte, m'mphepete muli miyala yoimikidwa m'malo mwa chitsulo chotchinga, ndipo pena thanthwe lotchedwa Dacre's Pulpit limalendewera pamwamba pa msewu. Pano liwiro la 40 kapena 50 ndi lokwanira. Makona ambiri saonetsa kutsogolo, ndipo m'mawa pamthunzi pamakhala chinyezi ndi timiyala togwa kuphiri. Musaime pakona kuti mujambule. Dikirani malo otakata.

Mukatsika tengani R43 kupita ku Worcester, kenaka R60 kudutsa Robertson ndi Ashton m'chigwa cha mtsinje wa Breede. Chakumapeto msewu umalowa Cogmanskloof, n'kudutsa pa kabowo kobooledwa m'thanthwe, ntchito ya Thomas Bain, mwana wa Andrew, ya m'ma 1870. Montagu ili ndi akasupe a madzi otentha, zipatso zoumitsa ndi vinyo wotsekemera wa muscadel.

Tsiku lachitatu: R62

Kuchokera ku Montagu mpaka ku Oudtshoorn ndi makilomita pafupifupi 240: Barrydale pa 60, Ladismith pa ena 75, Calitzdorp pa ena 50, Oudtshoorn pa 50 omaliza. Dziko limauma, msewu umawongoka, ndipo adani ake ndi kutentha, tulo ndi liwiro lokwera mosazindikira. Aliyense anyamule malita awiri a madzi pa njinga ndipo amwe pa kuima kulikonse, ngakhale asakumva ludzu, chifukwa mphepo imaumitsa thukuta munthu osadziwa kuti akutaya madzi. Mutu kupweteka ndi kuchedwa kuganiza ndi zizindikiro zoyamba. Musavule jekete. Kukatentha kwambiri nyowetsani malaya am'kati, mutsegule mazipi olowetsa mpweya.

Mwetsani mafuta njinga zonse nthawi imodzi, potengera ya thanki yaing'ono. Lamulo losavuta ndi lakuti pa makilomita 150 aliwonse onse adzaze, ngakhale amene akuti akadali nawo. Petulo wa kuno ndi 95, ndipo amathira ndi antchito a pamalopo. Tsikani panjinga, muonetsetse kuti agwira paipi ya petulo osati ya dizilo.

Pakati pa Ladismith ndi Calitzdorp pali Huisrivier Pass, ya makona aatali okoma, imene imabwera munthu atazolowera msewu wowongoka. Chepetsani msanga. Calitzdorp imadziwika ndi vinyo wotsekemera wa mtundu wa port, amene mphamvu yake imayandikira 20 peresenti, pamene vinyo wamba amakhala pakati pa 12 ndi 15. Ameneyu ndi wogula n'kunyamula basi, pokhapokha mutasankha kugona komweko. Fikani dzuwa lisanapendeke, chifukwa madzulo ngoma ndi nyama zina zimadumpha mipanda n'kulowa mumsewu.

Tsiku lachinayi: Swartberg ndi Meiringspoort

Apa ndi pachimake pa ulendo, ndipo ndi pamene gulu liyenera kunena zoona za luso la aliyense. Kuzungulira konse ndi makilomita pafupifupi 190, katundu atatsala ku Oudtshoorn. R328 imapita kumpoto cha ku mapanga a Cango Caves, kenaka phula limatha. Swartberg Pass, imene Thomas Bain anamanga n'kutsegulidwa mu 1888, ndi msewu wafumbi wa makilomita oposa 20, wokwera mpaka mamita 1,583, wogwiridwa ndi makoma a miyala yosanjidwa popanda simenti. Mbali yotsikira ku Prince Albert ili ndi makona opindika motsatizana pakati pa matanthwe ofiira opindikapindika.

Funsani za msewuwu kumene mwagona musananyamuke, chifukwa mvula ikagwa yambiri umatsekedwa kapena umakumbika. Pa fumbi talikiranani kwambiri, masekondi khumi kapena mpaka fumbi la mnzanu litatsika. Manja agwire handulo momasuka. Njinga ikamagwedezeka pa timiyala isiyeni idzipezere njira, mukaumitsa mikono ndi pamene imakugwetsani. Yang'anani patali. Pamalo okumbika imirirani pa zopondera, mawondo atapindika pang'ono. Potsika gwiritsani giya yoyamba kapena yachiwiri ndi buleki yakumbuyo, yakutsogolo muziikhudza ndi zala ziwiri mofatsa, njinga ili chilili. Ena amachotsako mpweya pang'ono, 0.3 bar, kuti tayala ligwire. Chitani zimenezi pokhapokha muli ndi pampu yobwezeretsera mukafika pa phula. Pakona yopindika yokwera musaime pakati: phazi la mbali yotsika silipeza pansi, ndipo njinga imagwa. Dikirani pansi mpaka mnzanu atatuluka, ndiye mulowe ndi moto wosadukiza. Pamwamba pamazizira ndi kuomba mphepo ngakhale kumunsi kukutentha, choncho juzi ikhale pafupi.

Amene ali ndi njinga za pa phula zokha, amene akweza anzawo, kapena amene mtima sukuwalola, apite ku Prince Albert kudzera ku De Rust ndi Meiringspoort, phula lokhalokha, mukakumane pa nkhomaliro. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ndipo wotsogolera anene zimenezi poyera kuti wina asakakamizike. Pobwerera onse adzere Meiringspoort pa N12, mpata wa pakati pa matanthwe ataliatali umene msewu umaoloka mtsinje umodzi maulendo 25. Timilatho take ndi tam'munsi, ndipo madzi akadutsapo amasiya mchenga.

Netiweki ya foni imasowa m'malo ambiri a m'phirimu. Mapu akhale osungidwa m'foni, ndipo woyendetsa pikapu adziwe nthawi imene mukuyembekezeka kufika.

Zikavuta

Tayala lopanda chubu likaboola ndi msomali, limakonzeka pamsewu: zulani msomali, kulitsani bowo ndi chida chake, lowetsani chingwe chomata, dulani chotsala, popani. Nyamulani pampu yamagetsi yaing'ono, ndipo yeserani kunyumba pa tayala lakale. Chigamba chotere n'chongokufikitsani kwa okonza matayala, ndipo sichigwira bowo la m'mbali mwa tayala. Njinga za masipoko zambiri zili ndi chubu. Zimenezo zimafuna chubu chapadera ndi zitsulo zochotsera tayala, kapena kukwezedwa pa pikapu.

Munthu akagwa, woyamba kufika aimike njinga yake patali pamalo oonekera, wina apite kuseri kwa kona kukaimitsa magalimoto, wina azimitse injini ya njinga yagwayo. Wovulala asavulidwe helemeti pokhapokha ngati sakupuma, ndipo asadzutsidwe ngati akudandaula khosi kapena msana. Pa foni ya m'manja imbani 112. Ambulansi ndi 10177, apolisi 10111. Aliyense akhale ndi kapepala m'thumba la jekete kolembapo dzina, mankhwala amene amamwa, inshuwalansi ya chipatala ndi nambala ya wachibale. Ochokera kunja agule inshuwalansi ya paulendo imene ikutchula njinga zamoto, chifukwa zambiri zimakana kulipira ngozi ya njinga yaikulu.

Masiku awiri obwerera

Tsiku lachisanu bwererani pa R62 mpaka ku Barrydale, mukhotere ku R324 kutsika Tradouw Pass, inanso ya Thomas Bain ya mu 1873. Phula lake ndi labwino, makona amatsatana mokoma, ndipo mukutsika mumaona dziko louma likusanduka lobiriwira. Mugone ku Swellendam, mutayenda makilomita pafupifupi 220.

Tsiku lomaliza ndi lalitali, pafupifupi 285, ndipo kutopa kumakhala kutaunjikana, choncho nyamukani msanga. N2 ikufikitseni ku Caledon, R320 ikutsitseni m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kwawo kwa mphesa za Pinot noir ndi Chardonnay, mpaka ku Hermanus, kumene anangumi amaonekera pafupi ndi gombe kuyambira Juni mpaka Novembala. Kuchoka apo tsatani R43 ndi R44 kudutsa Kleinmond, Betty's Bay ndi Rooi-Els, kenaka Clarence Drive mpaka ku Gordon's Bay, phiri kudzanja lamanja, nyanja ya False Bay kumanzere. Malo oimikapo ali mbali ya kunyanja, imene ndi mbali yanu, choncho imani pamenepo ngati mukufuna kuona, osati kuyang'ana nyanja muli pakona. Mphepo ikakhala yamphamvu, finyani thanki ndi mawondo, masulani mikono, ndipo yembekezerani kukankhidwa potuluka kuseri kwa thanthwe lililonse.

Yesetsani kulowa mu Cape Town 3 koloko isanakwane, N2 isanadzaze. Dzazani thanki pafupi ndi kobwezera njinga, jambulaninso mbali zonse ndi nambala ya makilomita, ndipo musachoke wolandirayo asanasaine kuti njinga yabwera bwino. Okwera ndege aike mabotolo m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, lililonse lokulungidwa m'chovala ndi kuikidwa pakati, ndipo afunsiretu kuchuluka kwa vinyo amene dziko lawo limalola kulowetsa popanda msonkho.